Mukufuna kuadoputa mwana wa dziko lina? Musayambire kwa mwanayo, yambirani komwe mukukhala

Anthu ambiri nkhani imeneyi amaiyambira kumapeto. Munthu waona chithunzi cha kamwana pa Facebook, kapena anapita dziko lina kukayenda nkukaona ana pamalo osungirako ana amasiye, mtima wagwidwa, nde basi akuti ameneyu ndi wanga ndimutenga, mapepala ndiona pambuyo. Chifundocho nchabwino ndithu sindikutsutsa, koma njira imeneyo ndi yomwe imathera misozi, pena khoti lakupatsani mwana koma viza yakanika, inu muli uku mwana ali uko, zaka zikungopita. Nde ndati ndilembe mmene zimayendera mwadongosolo lake, poti pa nkhani ya adopushoni ya pakati pa mayiko awiri chachikulu ndi kudziwa choyambirira ndi chiti, chotsatira ndi chiti. Mukasokoneza pamenepo olo mukhale ndi mtima wabwino chotani zinthu zimaima.

Choyamba timvane kaye tanthauzo. Kuadoputa sikungolera mwana ayi. Kulera mutha kulera mwana wa wina aliyense, makolo ake akadali makolo ake. Kuadoputa ndi pomwe khoti kapena ofesi ya boma yagamula kuti kuyambira lero mwanayu ndi wanu mwalamulo ngati wobereka nokha, dzina, chuma chamasiye, udindo, zonse, ndipo sizoti mawa mukatopa mubweze. Komanso chomwe chimapangitsa kuti ikhale ya pakati pa mayiko awiri si pasipoti yomwe muli nayo ayi, ndi komwe mumakhala mokhazikika. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Munthu anasamuka kwawo kalekale akukhala dziko lina, mchemwali wake wamwalira wasiya mwana, iye akuganiza kuti poti ndi magazi amodzi komanso dzikolo ndi lake lomwe angopita kukhoti kwawoko nkumutenga. Ayi ndithu, mwanayo akuoloka malire kupita komwe inu mukukhala, nde malamulo a mayiko onse awiri akugwira ntchito, chibale chimangofewetsa zina ndi zina koma sichichotsa ndondomeko.

Tsopano pali pangano lina lomwe muyenera kulidziwa olo musakhale loya. Linapangidwa mumzinda wa The Hague ku Netherlands pa 29 May 1993, nkuyamba kugwira ntchito mu 1995, anthu amangoti pangano la Hague, ndipo pano mayiko oposa 100 analowamo. Dziko lililonse lomwe lili mmenemo limakhala ndi ofesi imodzi ya boma yoyang'anira nkhanizi, amaitcha Central Authority. Ku India ndi CARA, ku Colombia ndi ICBF, ku South Africa ili pansi pa unduna wa Social Development, ku America ndi State Department, ku England ndi Department for Education. Funso lanu loyamba likhale ili, dziko lomwe ndikukhala lili mu panganoli? Nanga dziko la mwanayo? Ngati onse awiri alimo njira yake ndi yodziwika bwino, maofesi awiriwo amalankhulana okha. Ngati lina mulibe sikuti nzosatheka, koma ntchito yofufuza imakula ndipo chiopsezo chogwa mmanja mwa madobadoba chimakulanso, zimenezi ndizibwereranso kutsogoloku.

Mfundo yaikulu mu panganolo, yomwenso ili mu pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 pa ndime 21, ndi yoti mwana kupita kunja zikhale pomwe zina zakanika. Ayambe aona ngati angabwerere kwa makolo ake, kaya kwa achibale, kaya banja lina la mdziko momwemo. Zonsezo zikavuta mpamene amaganiza za inu. Ena zimawawawa akamva chonchi koma ine ndimaona kuti nzoona, adopushoni cholinga chake nkupezera mwana banja, osati kupezera banja mwana, ndipo mukaimvetsa bwino mfundo imeneyi kudikira konse komwe kukubwera kutsogoloku mukumvetsanso.

Musanataye ndalama iliyonse fufuzani ngati dziko mukulifunalo lili lotsegula, chifukwa zitseko zambiri zatsekedwa zaka zapitazi. Guatemala inatseka kuyambira 2008 zitadziwika kuti ana ena ankachita kubedwa kapena kugulidwa. Russia inaletsa anthu a ku America kuyambira January 2013. Kenya inaimitsa mu 2014, Ethiopia inaletsa mu 2018, ndipo China yomwe kwa zaka zambiri inkatumiza ana ochuluka kwambiri inasiya mu 2024, kupatula kwa achibale. Mbali inayinso, dziko lanu lomwe litha kukana, UK ili ndi mndandanda wa mayiko omwe siilola mwachisawawa monga Cambodia, Nepal, Haiti ndi Nigeria, ndipo Netherlands mu 2024 inasiya kulandira mafomu atsopano. Ku America mu 2004 kunalowa ana pafupifupi 23,000 kudzera njira imeneyi, zaka zaposachedwazi sakufika ndi 2,000 pomwe pachaka. Komanso mayiko ambiri otsatira malamulo achisilamu alibe adopushoni ngati iyi, ali ndi kafala, komwe umasamala mwana koma sasanduka wako mwalamulo, nde ndi pepala la kafala si imigireshoni iliyonse ingamulowetse ngati mwana wanu. Zinthuzi zimasintha pafupipafupi, funsani ku Central Authority kapena ku ofesi ya kazembe, osadalira zomwe wina analemba pa intaneti zaka zisanu zapitazo.

Zokuyenerezani zili pawiri, za kwanu ndi za kwawo kwa mwana, ndipo muyenera kukwanitsa zonse. Zaka zakubadwa, ku UK muyenera kukhala ndi zaka 21 kupita mtsogolo, ku America ngati simuli pabanja ndi 25, ku Colombia amafuna zaka 25 komanso mukhale wamkulu kwa mwanayo ndi zaka zosachepera 15. Ku India banja likhale litatha zaka 2 lili limodzi mokhazikika, ndipo bambo yemwe ali yekha saloledwa kutenga mwana wamkazi. Mayiko ena amafunanso mukakhaleko ndithu, ngati Uganda lamulo lake la 2016 limati mukhale mdzikomo chaka chimodzi mukumulera mwanayo akuluakulu akukuonani, nde ganizirani ntchito yanu, lendi mbali ziwiri, ana ena omwe muli nawo kale. Zina ndi zodziwikiratu, thanzi labwino, kapezedwe kokwanira, mbiri yopanda milandu makamaka yokhudza nkhanza kwa ana. Sikuti mukhale mpondamatiki ayi, amangofuna aone kuti pakhomo pali bata ndipo mwana sadzagona ndi njala.

Ndiye mwapeza kuti mukukwanira, mwapita ku ofesi ya kwanu kapena ku ejensi yomwe boma linaivomereza, chotsatira ndi chomwe amati home study, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono poti ndi pomwe anthu amaopa kwambiri. Amabwera munthu wa zachisamaliro cha ana kunyumba kwanu, osati kamodzi, amacheza nanu nonse pamodzi kenako aliyense payekha, amafunsa mmene munakulira, makolo anu ankakulangani bwanji, mukayambana mnyumba mumathetsa bwanji, ngati munavutika ndi kusabereka chisoni chimenecho munachipirira bwanji, achibale anu akuti chani za mwana wobwerayo, amafunsanso ana anu ngati alipo. Amatenga zidindo za zala, kalata ya polisi ya wamkulu aliyense wokhala mnyumbamo, pena mpaka ya mayiko onse omwe munakhalako, lipoti la dokotala, mapepala a kubanki ndi a kuntchito, makalata a anthu okudziwani. Malangizo anga ndi amodzi, musabise kanthu. Ngati munamangidwapo muli mnyamata nenani, ngati munadwalapo matenda a nkhawa nenani, zambiri mwa zimenezi sizilepheretsa munthu, chomwe chimalepheretsa ndi akazitulukira okha inu mutabisa, chifukwa pamenepo amayamba kukayika chilichonse chomwe munanena. Ndipo musachite kukongoletsa nyumba ngati kukubwera alendo a ukwati, iwo sakuyang'ana makatani, akuyang'ana anthu.

Pa nthawi yomweyi mpomwe mumanena mwana wotani mungakwanitse, wa zaka zingati, mmodzi kapena apachibale awiri atatu, wa matenda kapena ulumali wotani. Lankhulani zoona zokhazokha. Masiku ano makanda athanzi ambiri amapeza mabanja mdziko lawo lomwe, omwe amapita kunja kawirikawiri ndi ana okulirapo, ana apachibale osafunika kuwalekanitsa, kapena ofunika chithandizo chapadera cha kuchipatala. Kuvomera chinthu choti simungathe pofuna kuti mzere uyende msanga ndi kumulakwira mwanayo. Mayiko ambiri amakupangitsaninso maphunziro okonzekera, pitani ndi mtima wonse, mmenemo ndi momwe mumamva zoona zake za ana omwe anakulira malo osungirako ana.

Lipoti likatuluka boma lanu limapereka chilolezo choti ndinu oyenera. Ku America ndi fomu ya I-800A ngati dziko la mwana lili mu Hague, I-600A ngati mulibe, ku England amapereka Certificate of Eligibility. Kenako mumasonkhanitsa fayilo yopita kunja, masetifiketi akubadwa, a ukwati, a kutha kwa banja loyamba ngati linalipo, lipoti lija, zithunzi za nyumba, zonse zodindidwa ndi loya wovomerezeka, kenako chidindo chomwe amati apostille kapena cha ku ofesi ya kazembe, nkumasuliridwa mchiyankhulo cha dzikolo ndi womasulira wovomerezeka. Chenjerani ndi madeti, kalata ya polisi ndi ya dokotala zimatha mphamvu, mutha kupeza kuti pomwe pepala lomaliza likutuluka loyamba lija latha kale, nde lembani penapake tsiku lomwe lililonse likuthera. Maina alembedwe chimodzimodzi paliponse, chilembo chimodzi chosiyana chimabweza fayilo yonse. Sungani makope atatu, ena mu foni.

Mukatumiza, kudikira. Chaka, ziwiri, pena kuposa apo, palibe angakuuzeni tsiku lenileni ndipo wokuuzani kuti miyezi itatu zatheka muyambe kumukayikira.

Amene amasankha kuti mwana uyu apite ku banja ili ndi akuluakulu a dziko la mwanayo, osati inu. Ndipo pangano la Hague lija pa ndime 29 limaletsa kuti inu mukumane ndi makolo a mwana kapena womusunga zisanatsimikizike kuti mwanayo ndi woyeneradi kuadoputidwa komanso inu mwavomerezedwa, pokhapokha ngati ndi pachibale kapena boma lakelo laloleza. Chifukwa chake nchosavuta kumva, mayi wosauka akaona mlendo wooneka wandalama ataima pakhomo, kuvomera kwake sikukhalanso kwaufulu. Lamulo limati chilolezo cha makolo chikhale cholembedwa, atafotokozeredwa bwinobwino tanthauzo lake, popanda kulipidwa kalikonse, ndipo mayi avomere mwana atabadwa kale osati ali ndi pakati. Mwana wamkulu woti akumva zinthu nayenso amafunsidwa maganizo ake.

Akakupezerani mwana amakutumizirani lipoti lake, mbiri, zaumoyo, mmene anapezekera pamalopo. Mtima umathamanga pamenepa, mwaona kale chithunzi, koma khalani pansi muwerenge mofatsa. Pitani nalo kwa dokotala wa ana alione. Funsani mafunso, anamubweretsa ndani, liti, ngati akuti makolo anamwalira setifiketi ya imfa ili kuti, ngati akuti anatayidwa lipoti la polisi lili kuti ndipo anayesa bwanji kusaka abale ake, ali ndi azikulu ake kapena azing'ono ake? Dziwani kuti ana ambiri okhala mmalo osungirako ana si amasiye kwenikweni, ali ndi kholo limodzi kapena onse amoyo, anawapititsa kumeneko chifukwa cha umphawi kuti akapeze sukulu ndi chakudya. Ndipo zachitikapo kambiri kuti kholo linasaina pepala likuganiza kuti mwana akupita kukaphunzira adzabwera akakula, osadziwa kuti akusaina zosiyana naye mpaka kale. Mu 2007 ku Chad anagwira anthu a bungwe la ku France la Zoé's Ark akufuna kukweza ndege ana 103 omwe ankati ndi amasiye a ku Darfur, dera la ku Sudan, pofufuza anapeza kuti ambiri anali a ku Chad komweko ndipo anali ndi abale awo. Ku Haiti chitangochitika chivomezi cha 2010 anthu 10 a ku America anagwidwa pamalire ali ndi ana 33, ambiri mwa anawo makolo awo anali moyo. Nchifukwa chake pa nthawi ya nkhondo kapena ngozi zikuluzikulu adopushoni imayamba yaima, mwana wosochera si wamasiye. Ndipo ku South Korea mu 2025 komiti ya boma yofufuza inapeza kuti zaka zammbuyomo mapepala a ana ena ankachita kusinthidwa kuti aoneke ngati alibe makolo, anthu amenewo pano ndi akuluakulu akusakasaka kwawo ndi mapepala abodza mmanja. Inu simukufuna mwana wanu adzakufunseni tsiku lina kuti kodi munkadziwa, inu nkusowa choyankha.

Za ndalama ndinene mosabisa, zimalowa zambiri, ejensi, maloya, omasulira, maulendo a ndege, malo ogona, viza, kuchipatala. Koma kulipira ntchito ndi kwina, kugula mwana ndi kwina. Pemphani ndandanda wa zolipira zonse wolembedwa musanayambe, chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo ndalama zidzere ku akaunti ya bungwe osati ya munthu. Wina akati tumizani kangachepe tifulumizitse jaji, kapena mupatseni mayi ake kenakake asaine, kapena choipitsitsa, tingolemba setifiketi yakubadwa ngati munabereka ndinu, thawani. Imeneyo ndi milandu mmayiko onse awiri ndipo ikadzaululika wovutika kwambiri ndi mwana.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse kuposa pena paliponse. Mukavomera mwanayo musathamangire kukhoti. Mu ndondomeko ya Hague maofesi awiri aja amayenera agwirizane kaye kuti adopushoni ipitirire, ndipo dziko lanu litsimikize kuti mwanayo adzaloledwa kulowa ndi kukhala mokhazikika, zimenezi zili pa ndime 5 ndi 17. Ku America mumapereka fomu ya I-800, kenako ofesi ya kazembe imatulutsa kalata yomwe amaitcha ya Article 5, ikatuluka imeneyo mpomwe mumapita kukhoti. Mukadumpha nkuyamba ndi khoti mutha kukhala ndi chigamulo chonena kuti mwana ndi wanu koma osatha kupita naye kwanu. Ku UK kulowetsa mwana mdziko kuti mumuadopute musanatsate ndondomeko ndi mlandu ndithu. Ndipo olo zonse mwachita bwino dziko la mwana limafunikanso kumulola kutuluka, ku DR Congo mu 2013 boma linaimitsa zilolezo zotulukira, mabanja ambirimbiri omwe makhoti anali atawapatsa kale ana anadikira zaka.

Ulendo wokha, konzekerani kukakhalako masabata angapo kapena kupita kawiri, mayiko ambiri amafuna mukhale ndi mwanayo kaye akuoneni mmene mukuzolowerana. Khoti likagamula tengani chigamulo, setifiketi yatsopano yakubadwa, pasipoti ya mwana, ndipo ngati ndi za Hague musachoke opanda setifiketi ya ndime 23, imeneyo ndi yomwe imapangitsa kuti mayiko ena onse a mu panganolo aivomereze adopushoniyo osayambiranso. Funsaninso ngati chigamulocho ndi chathunthu, poti mayiko ena ali ndi mtundu wina wa adopushoni womwe sudula ubale wa mwana ndi makolo omubereka, ndipo ena amangokupatsani ulezi kuti mukamalizitse kukhoti la kwanu. Kenako mwana amakapimidwa kwa dokotala yemwe ofesi ya kazembe inamusankha, TB, katemera ndi zina, viza nkutuluka.

Muli konko tolerani chilichonse chokhudza mwanayo, zithunzi za malo ankakhala, maina a omwe ankamusamala, kamalaya komwe anavala, nyimbo yomwe ankamuimbira pogona, dzina lake loyamba ndi tanthauzo lake. Pano zikuoneka zazing'ono koma akadzafika zaka 15 zimenezi zidzakhala chuma chake.

Mukafika kunyumba pali ntchito ziwiri zomwe anthu amazilekerera chifukwa chotopa ndi mapepala. Yoyamba unzika. Musangoganiza kuti poti walowa ndiye kuti ndi nzika, fufuzani ndipo mutengereni pepala lake mmanja. Ku America lamulo lopatsa ana otere unzika mosavuta linayamba kugwira ntchito pa 27 February 2001, koma omwe anali atakwana kale zaka 18 silinawakhudze, nde alipo anthu anakula moyo wawo wonse kumeneko nkudzazindikira ali akuluakulu kuti si nzika chifukwa makolo sanamalize mapepala, ena mpaka anabwezedwa kumayiko omwe sakudziwako munthu olo chiyankhulo. Yachiwiri malipoti, mayiko ambiri amafuna muzitumiza lipoti ndi zithunzi za mmene mwana akukulira kwa zaka zingapo. Tumizani pa nthawi yake, munalonjeza, komanso mabanja akamanyalanyaza dzikolo limatha kutsekera ena onse omwe ali pamzere.

Miyezi yoyamba musadabwe mwana akamakana kukuyang'anani, akamabisa chakudya pansi pa pilo, akamakodza pogona pomwe anali atasiya, kapena akamathamangira mlendo aliyense ngati ndi mayi ake. Kwa inu ndi tsiku lachisangalalo lomwe munalidikira zaka, kwa iye wataya nkhope zonse zomwe amazidziwa, fungo, chiyankhulo, tsiku limodzi. Chepetsani alendo masabata oyambirira, kumudyetsa, kumusambitsa ndi kumugoneka muzichita inuyo kuti adziwe kuti wake ndi ndani, phunzirani mawu angapo a chiyankhulo chake, olo a njala, madzi, kupweteka ndi kuchimbudzi. Zikakulemerani pitani kwa alangizi odziwa za ana oadoputidwa, si manyazi ayi. Ndipo muuzeni mbiri yake kuyambira ali wamng'ono, mwa msinkhu wake, asadzaimve kwa mwana mnzake kusukulu. Tsiku lina akadzati ndikufuna ndikaone komwe ndinachokera, kapena ndikufuna ndisake mayi anga ondibereka, pangano la Hague lija pa ndime 30 limalamula mayiko kusunga mbiri ya komwe mwana anachokera ndendende chifukwa cha tsiku limenelo, nde mutulutsireni fayilo ija munasunga ndipo ngati akufuna mupite naye limodzi.